Kasungidwe ka Chakudya cha Tsiku la Tsoka

Akuluakulu amene anapyola m'njala ya 1949, imene inasautsa koopsa anthu a ku Lunzu ndi madera ozungulira Blantyre, anali kuyesa nzeru za mwini khomo poona zotsala m'nkhokwe yake mwezi wa Febuluwale. Pakuti chakudza sichiimba ng'oma, ndipo ngakhale Yosefe ku Igupto anayamba kupatula limodzi la magawo asanu a dzinthu dziko likadali pa mwanaalirenji.

Poyamba dziwani kadyedwe ka banja lanu. Gayitsani ndowa imodzi ya chimanga, muwerenge masiku amene ufawo ukhalitse, ndipo potero mudzazindikira matumba ofunika kufikira chatsopano chitacha. Amenewo muwapatule musanatchere khutu kwa mavenda, amene amadza ndi sikelo mu Meyi mtengo uli pansi, nadzakugulitsani chimanga chomwecho mu Januwale pamtengo woboola m'thumba.

Chimangacho chiume ndithu musanachitsekere, ndipo apa m'pamene ambiri amachita mphwayi. Ikani chodzaza dzanja m'botolo louma lagalasi pamodzi ndi mchere wouma, mutseke, mukhutchumule. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chinyontho chikadalimo, chibwezereni pamphasa padzuwa, chifukwa chuku chomera m'chimanga ndi mtedza wonyowa chili ndi poizoni wowononga chiwindi, amene ngakhale moto wa pamafuwa sumutha mphamvu. Chikauma, chithireni mankhwala a Actellic monga mwa muyezo wolembedwa pabotolo lake, kapena muchisunge m'matumba a PICS, amene mapulasitiki ake awiri a m'kati, akamangidwa lililonse palokha, amapha anankafumbwe powamana mpweya popanda mankhwala. Matumba akhale pathandala, osakhudza pansi kapena khoma, ndipo makoswe muwatchere misampha, pakuti kabowo kamodzi kathetsa ntchito yonse ya thumba lotere.

Nsima siyenda yokha. Sungani nyemba, nandolo, mtedza wa m'makoko, usipa wouma, mchere, makaka a chinangwa, ndi mfutso wa nkhwani kapena chitambe, umene ana a masiku ano amaunyoza mvula ikadalipo. Mukhalenso ndi ufa wogayagaya wa masabata awiri, makamaka woyera, umene suchedwa kutha koma umachedwa kuwawa kusiyana ndi mgaiwa. Amene anaona namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 adziwa kuti chimanga chili m'nyumba chigayo chitaima sichitonthoza mwana.

Madzi akhale m'zigubu zotsuka bwino ndi zovundikira, othira klorini kapena owiritsa, pakuti zitsime zikasefukira kolera sakhala patali. Mapaketi a Thanzi, obwezeretsa madzi m'thupi mwa wotsegula m'mimba, asasowe. Atasowa, masipuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi abwino zidzagwira ntchito yomweyo.

Komatu nkhokwe, ingakhale yodzaza motani, munthu sathawa nayo. Namondwe wa Freddy, m'mwezi wa Malichi 2023, anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kugwera ku Chilobwe, ndipo ku Phalombe, Mulanje, Chikwawa ndi Nsanje madzi anakokolola nyumba ndi zonse zinali m'menemo; chotero mangiranitu kamtolo kopepuka, koti mayi angasenze mwana ali kumbuyo, mukakulunge m'pulasitiki, mukapachike pafupi ndi chitseko. M'menemo mukhale ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala, mankhwala a iwo amene amamwa tsiku ndi tsiku monga ma ARV ndi a shuga, tochi, machesi, kawailesi ndi mabatire ake, sopo, chitenje, kapoto, ufa pang'ono, mtedza wokazinga ndi ndalama zapamanja, popeza netiweki ikagwa za m'foni sizituluka. Wamkulu aliyense pakhomo, ndi ana osinkhuka omwe, adziwe pamene kali ndi chitunda chimene mudzakumanepo.

Mwezi ukatha yenderani zonsezi, mununkhize ufa, muyatse tochi, muone masiku olembedwa pa mankhwala; zakale zipite kukhitchini, zatsopano zilowe kumbuyo kwa mulu.