Phunziro: dzira louma limene limadzuka ndi madzi a mchere

Ena mwa ife tayamba kuswetsa milamba tokha, ndipo vuto timakumana nalo pa tsiku lachitatu, pamene kamwana ka mlamba kamaliza chakudya chimene kanabadwa nacho pamimba. Pakamwa pake ndi pang'ono, gaga sikangathe. Apa ndi pamene timagula chitini cha Artemia pa mtengo wowawa, ambiri osadziwa kuti m'chitinimo muli chiyani.

Ukatsegula umaona ngati fumbi lofiirira. Si fumbi ayi, ndi mazira a tinkhanu tating'ono tokhala m'nyanja za mchere wambiri, monga Great Salt Lake ku Utah, m'dziko la America. Dzira limodzi kukula kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a milimita, ndipo mu galamu imodzi mumakhala mazira oposa 200,000.

Pa galasi lokuzira tinthu, maikulosikopu ija, dzira louma limaoneka lobonyoka ngati mpira wophwa. Chikamba chake chili patatu. Kunja kuli cholimba chofiirira chotchinga dzuwa, mkati mwake kansalu kosefa zolowa, kenako kena kopyapyala koonekera kokuta kamwana. Kamwanako kali ndi maselo pafupifupi 4,000, koma sikadya, sikakula, kangokhala duu, ndipo kakasungidwa pouma kamatha zaka kali choncho. Subhanallah! Ife alimi izi si zachilendo kwenikweni, mbewu ya chimanga m'nkhokwe imadikiranso mvula.

Tikathira mazirawo m'madzi a mchere, pakatha ola limodzi kapena awiri amafufuma n'kukhala obulungira, moyo n'kuyambanso kuyenda mkati. Kamwana kanasunga mtundu wina wa shuga, ndipo tsopano kamausandutsa glycerol, amene amakoka madzi kulowa m'dzira. Madzi amalowabe mpaka chikamba kuphulika, pakatha maola 15 mpaka 20. Kamwana kamayamba kalendewera kunsi kwa chikamba ngati munthu wogwira ambulera, kenako kamang'amba kansalu komaliza n'kuyamba kusambira, kachikasu kofiirira, ka diso limodzi. Mukuona tsono chifukwa chake mchere ukachulukitsa kuswa kumachedwa: madzi amavutika kulowa.

Kachitidwe kake nkotere. Botolo la pulasitiki tidule kunsi, tilizondotse. Pa lita imodzi ya madzi tithire magalamu 25 a mchere ndi magalamu 2 a mazira, osapyola. Kapaipi ka mpweya kafike pansi penipeni kuti mazira azivinduka, chifukwa okhazikika pansi amabanika. Nyali iyake makamaka maola oyamba, kuwala ndi kumene kumathandiza kuwadzutsa. Madzi akhale ofunda, madigiri 25 mpaka 28. M'mwezi wa June, kukamazizira, musadabwe akachedwa. Ife timathira tikachoka ku swala ya Asr, n'kukolola Asr ya mawa lake.

Pokolola tizimitse mpweya kwa mphindi zingapo. Makoko amayandama, mazira osaswa amamira pansi, ndipo tiana timathamangira kumene kuli kuwala. Titengere tokhato m'kansalu, titsukuluze ndi madzi abwino. Makoko asalowe, mwana wa mlamba sangawagaye. Tidyetse nthawi yomweyo, pang'onopang'ono, chifukwa m'madzi opanda mchere timafa pakangopita maola ochepa n'kuwononga madzi. Tikagonetsanso m'botolo timakhala tikudya mafuta a m'thupi mwawo, nsomba n'kupeza zopepuka.

Chimene chinatipweteka ife chaka china ndi chinyezi. Tinasiya chitini chosatseka bwino nthawi ya dzinja, mazira anakoka chinyezi, anayamba kudzuka n'kutha mphamvu ali m'chitini momwemo. Pa tsiku lachitatu tinalibe chopatsa milamba, ndipo yambiri inafa. Tsopano tikatapa timatseka zolimba n'kuika pouma ndi pozizira, ndipo botolo timayamba laswetsa tsiku limodzi milamba isanafune kudya.