Akuti chabwino ndi choipa palibe angachidziwe

Azakhali, bwenzi langa langomaliza kumene ku Chanco. Nditapeza mauthenga achikondi a mtsikana wina mufoni mwake, anandiuza kuti palibe angatsimikize kuti chinyengo n'choipa. Akuti chabwino ndi choipa ndi maganizo a munthu basi, ngakhale pandale. Ndinasowa chonena. Kodi akunena zoona?
Wosokonezeka, Zomba

Mwana wanga, mpaka kusowa tulo chifukwa cha mnyamata amene nzeru zake zakuya zimatuluka pokhapokha akagwidwa? Bwanji sanakuuze zimenezi tsiku limene ankakufunsira?

Komabe ndisamunyoze kwambiri mkamwini wangayu, funso lakelo ndi lakale. David Hume wa ku Scotland analemba m'zaka za m'ma 1700 kuti kudziwa mmene zinthu zilili, pakokha sikukuuza mmene ziyenera kukhalira. Ndipo zina zimasinthadi. Lamulo la mu 1973 linkatiletsa amayife kuvala thalauza mpaka linachotsedwa mu 1993. Funsa kuti thalauzalo linkapweteka ndani, yankho sulipeza.

Tsono funsa funso lomwelo za kamtsikana ka zaka 13 kokwatiwitsidwa kwa bambo wa imvi. Sukulu yathera pomwepo, mimba yabwera chiuno chisanakhwime, pobereka mwina fistula, mwina maliro. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza pothetsa maukwati otere, ndi aphungu pokhazikitsa zaka 18 m'malamulo aakulu a dziko mu 2017, anali ndi zifukwa zoti munthu n'kuziloza ndi chala. Pandalenso tikhoza kukangana za zipani ndi makuponi a fetereza mpaka nkhuku kulira, koma pamene oweruza asanu ankathetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019 anapenda umboni, Tipp-Ex wofufutira zotsatira ali poyera. Sindinaonepo munthu wovomera kuti voti yake ifufutidwe ati poti ndi maganizo chabe.

Mtima ukukupwetekawo usauchitire manyazi. Munapangana, iye waphwanya pangano, ndipo wavulala ndiwe. Chimenecho ndi chifukwa chokwanira, sichifuna digiri.

Mukhale pansi maso ndi maso, osati pa WhatsApp. Umufunse modekha: "Mukanapeza mauthenga amenewa mufoni mwanga, mukanati ndi maganizo chabe?" Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Akayamba chibwibwi ndi kupepesa, ndiye kuti amadziwa bwinobwino, ndipo mukhoza kukonza zinthu. Akayambanso kukutchulira mayina a azungu a m'mabuku, bweza chikole, pakuti munthu wotere adzakuuzanso kuti kugula ndiwo ndi maganizo ako.

Ndipo ngati wamukhululukira, mukayezetse magazi nonse awiri musanapite kwa ankhoswe.

Ndine Azakhali ako