Momwe Boma la America Limagawira Chakudya M'sukulu

Ku America ana pafupifupi 30 miliyoni amadya chakudya chamasana kusukulu tsiku lililonse kudzera mu ndondomeko ya boma. Ndondomekoyi inayamba ndi lamulo limene Pulezidenti Harry Truman anasayina mu 1946. Amene amaiyendetsa ndi unduna wa zaulimi wotchedwa USDA.

Boma limathandiza sukulu m'njira ziwiri. Limapereka ndalama pa mbale iliyonse imene mwana wadya. Limaperekanso chakudya chenichenicho monga nkhuku, nyemba, mpunga, tchizi ndi zipatso. Chakudyachi chimayenera kukhala cholimidwa m'dziko momwemo, choncho mwana akamakhuta, mlimi nayenso wapeza msika.

Kagawidwe ka chakudyachi kamayamba ndi kuwerenga mbale. Amatenga chiwerengero cha mbale zamasana zimene zinadyedwa chaka chatha, n'kuchulukitsa ndi mtengo umene boma laika pa mbale imodzi. Mtengowo amausintha pa 1 Julayi chaka chilichonse potsatira mitengo ya zakudya, ndipo m'zaka zaposachedwapa wakhala pafupifupi masenti 30. Mwachitsanzo, ngati sukulu za dera lina zinapereka mbale 100,000, gawo lawo likhala la madola 30,000. Mbale za kadzutsa siziwerengedwa nawo.

Madola amenewa sukulu siziwagwira m'manja. Amangolembedwa m'kaundula, ndipo amachepa nthawi iliyonse imene sukulu zaitanitsa chakudya kudzera ku ofesi ya chigawo chawo. Zikhoza kulandira chakudyacho mmene chilili. Zikhoza kupempha kuti nkhuku zipite kaye ku kampani yokonza nyama, zibwere zongofunika kutenthetsa. Zikhozanso kugula zipatso ndi masamba osafota kudzera ku unduna wa zachitetezo, umene unazolowera kale kugulira asilikali zakudya. Chigawo cha Kansas n'chosiyana, chifukwa chimalandira ndalama m'malo mwa chakudya.

Njira yowerengera mbaleyi ndi yabwino chifukwa aliyense akhoza kuiona ndi kuitsimikiza. Vuto lake n'lakuti imayang'ana m'mbuyo. Sukulu imene ana achuluka mwadzidzidzi imayamba chaka ndi gawo la ana ochepa a chaka chatha.

Alimi akakolola zochuluka mpaka mitengo kugwa, boma limagula zotsalazo n'kupereka kusukulu ngati basera, osachotsera pa gawo lija. Lamulo limanenanso kuti pa madola 100 alionse a thandizo la chakudya chamasana, osachepera 12 aziperekedwa ngati chakudya, osati ndalama.