Mtovu wa mu ayezi wa ku Greenland

Funso: Ku Greenland kulibe mafakitale akuluakulu. Nanga mtovu umene akatswiri amaupeza mu ayezi wa kumeneko umachokera kuti?

Yankho: Umabwera ndi mphepo. Miyala ya mtovu ikamasungunulidwa, kapena petulo wothiridwa mtovu akamayaka m'galimoto, tizidutswa tosaoneka ndi maso timakwera limodzi ndi utsi. Timayandama m'mwamba kwa masiku angapo, n'kuyenda makilomita masauzande, kenako timagwa ndi chipale chofewa.

Chipalecho chimasanjikizana chaka ndi chaka, motero ayezi wakuya amasunga mbiri. Pansi pali mtovu wa m'ng'anjo zimene Aroma ankayengeramo siliva. Pamwamba pake pali wochuluka kwambiri, wochokera ku petulo wa ku America ndi ku Ulaya, umene unafika pachimake cha m'ma 1970. Unachepa mayikowo atayamba kuletsa petuloyo. Algeria ndi dziko lomaliza kusiya kumugulitsa, mu 2021.