Kuitanitsa makina olemera pa sitima: mtengo wa CIF si mapeto

Kontilakitala amene wapeza ekisikaveta yotchipa ku Japan kapena ku China asafulumire kusangalala ndi mtengo wa pa invoisi. Ayambe wafunsa miyeso. Makina a matani 20 ngati Komatsu PC200 ndi otambalala mamita 2.8, pomwe m'kati mwa kontena wamba ndi mamita 2.35 okha. Salowa pokhapokha atawaphwasula.

N'chifukwa chake ambiri amasankha RoRo, sitima imene makina amalowamo akuyenda okha, kapena flat rack, kontena yopanda denga ndi makoma a m'mbali, pomwe amawamanga ndi matcheni. Pa katundu wosalowa m'kontena, eni sitima kawirikawiri amawerengera matani kapena ma kiyubiki mita, n'kutenga chimene chachuluka. Kupinda bwino mkono wa makinawo kumatsitsa bilu.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa mawu oti "CIF Beira". Wogulitsa amalipiradi sitima ndi inshuwalansi mpaka ku Beira, koma makina akangokwera sitima, chilichonse chowagwera chili pamutu pa wogula. Inshuwalansi imene wogulitsa amakakamizika kugula ndi yotsikitsitsa, Clauses C, yosalipira zida zikabedwa. Wochenjera amawonjezera ndalama n'kupempha Clauses A.

Padoko masiku aulere ndi owerengeka. Akatha, tsiku lililonse ndi madola, ndipo madola ku Malawi kuno sapezeka lero ndi lero. Ejenti wa kasitomu, lowbed, chilolezo cha katundu wopyola muyeso pamsewu ndi ndalama za msonkho wa MRA zikhale zokonzeka sitima isanakocheze.