Msinkhu Wofulira Ng'ombe ndi Khalidwe la Kukwera

Alimi oweta ng'ombe za mtundu wa Angoni ku Chipata, ku Dedza ndi ku Angónia amafunsa alangizi kawirikawiri kuti: "Bwanji mfule wanga akukwerabe zazikazi?" Yankho lagona pa msinkhu umene ng'ombeyo inafulidwira.

Chilakolako chokwera chimadza ndi testosterone, mchere wa m'thupi umene umapangidwa m'mavalo. Thole likafulidwa lisanakwane miyezi 6, mcherewu sufika pochuluka. Motero limakula lofatsa, silithamangira zazikazi, ndipo silivuta kuphunzitsa goli. Khosi ndi linunda lake sizikula ngati za nkhunzi.

Nkhunzi yofulidwa itayamba kale kukwera siiwala msanga. Ikhoza kupitiriza kwa miyezi ingapo, ndipo umuna wotsalira m'njira ungapereke bere m'masabata oyamba. Choncho ipatulidwe kwa zazikazi kwa mwezi wathunthu.

Mfule akapanda kusintha, mlangizi ayang'ane mavalo. Chofulira cha Burdizzo chimaphwanya mtsempha wopita ku valo, ndipo mtsempha uliwonse upanidwe paokha. Ngati patapita masabata 6 valo limodzi silinafote, ndiye kuti mtsempha unaphonyeka. Ntchitoyo ibwerezedwe.

Chenjezo lalikulu ndi ili: pofuna ng'ombe zamphamvu zokoka pulawo ndi ngolo, alimi amafula matole okula bwino, n'kusiya onyentchera kuti azikwera. Mtundu umatsika m'khola mwakachetechete. Tiwalangize kuti ayambe asankha nkhunzi ya mbewu, kenaka afule otsalawo akadali aang'ono.