Tsamba la Peyala Likadwala, Musathamangire Kugolosale

Anzanga, ambiri a ife kwathu kuli mtengo wa mapeyala, kaya kuseri kwa nyumba kaya kudimba. Mtengo umenewu si wamthunzi chabe. Mavenda akabwera nyengo ya mapeyala, ndalama yake ndi imene imagula makope, yunifomu, sopo, mwinanso kulipira fizi. Komanso peyala sachedwa kufa koma amachedwa kukula. Womezanitsa amayamba kubereka pakatha zaka 3 kapena 4, pamene wodzala nthangala amatha zaka 5 mpaka kupitirira 10. Ndiye ukauma, mwataya zaka zonsezo.

Vuto ndi loti masamba akangosintha mtundu, anthu amati ndi tizilombo basi, n'kukagula mankhwala opopera. Koma mavuto ambiri a masamba a peyala sachokera ku tizilombo ayi. Phunziro lathu lero ndi loti tiyambe tawerenga tsamba tisanawononge ndalama.

1. Zimene si matenda

Masamba anthete a peyala amatuluka ofiirira, kenako amasanduka obiriwira. Si matenda, ndi chibadwa chake. Chinanso, mtengo ukamachita maluwa m'chilimwe umayoyola masamba akale ambiri. Ngati atsopano akuphuka bwinobwino, musadandaule. Masamba ogwawo musawasese n'kuwatentha, asiyeni pansi pa mtengo chifukwa ndiwo chofunda cha mizu.

2. Nsonga zopsa

Mukaona tsamba lauma kunsonga ndi m'mphepete ngati lawauka ndi moto, koma pakati lili lobiriwira, palibe kachilombo kamene kaluma. Kawirikawiri ndi ludzu, mphepo yotentha ya mu Okutobala, feteleza wochuluka, kapena mchere wa m'madzi. Peyala amadana ndi mchere kwambiri. Choncho madzi a pamjigo olawa mchere, komanso madzi otsukira mbale ndi ochapira, si abwino kwa iye. Thirirani madzi abwino okwanira kuti alowe pansi ndithu, kenako dikirani dothi liumeko pamwamba musanathirirenso.

3. Masamba achikasu ndi ofota

Apa ndiye pofunika kusamala. Ngati masamba onse atumbuluka koma mtengo ukuoneka wamphamvu, mwina ndi njala ya nayitirojeni, ndipo manyowa owolerana bwino amathandiza. Koma ngati masamba ndi ang'onoang'ono, achikasu, ofota ngakhale dothi lili lonyowa, ndipo nthambi zikuuma kuchokera kunsonga, vuto lili kumizu. Matendawa amayamba ndi kachilombo ka m'dothi kotchedwa Phytophthora, ndipo ndi amene amapha mitengo ya mapeyala kwambiri padziko lonse. Amakonda malo odikha madzi.

Mungadziwe bwanji? Fukulani pang'ono ndi dzanja pansi pa mtengo. Timizu tamoyo timakhala toyera. Todwala timakhala takuda ndipo timathyoka msanga. Mukapeza takuda, musawonjezere madzi poganiza kuti mtengo wamva ludzu, mukuumaliza. Kumbani ngalande yochotsa madzi, ndipo kauzeni alangizi a zaulimi. Kupopera masamba mankhwala ophera tizilombo sikungathandize chilichonse apa.

Kumbukiraninso kuti mizu yodyera ya peyala ili pamwamba penipeni. Kulima ndi khasu pansi pa mtengo n'kudzalapo chimanga kumadula mizuyo. M'malo mwake yalani udzu wouma kapena masamba, koma musiye mpata wa masentimita 20 kuchokera pa thunthu kuti khungwa lisawole.

4. Pamene alidi tizilombo

Tembenuzani tsamba, chifukwa ambiri amabisala kunsi.

Mabowo ndi m'mphepete modyedwa: awa ndi mbozi, ziwala kapena anunkhadala. Mtengo waukulu suvutika ndi mabowo ochepa. Koma kamtengo ka masamba 10 kakhoza kutheratu. Njira yosalira ndalama ndi kuwatola ndi manja m'mamawa, akadali ozizidwa.

Zoyera ngati thonje kapena timamba tomata pa nthambi: izi ndi tizilombo toyamwa madzi a mtengo, ena amati kodikodi. Timatulutsa timadzi totsekemera, ndipo pa timadzi timeneti pamamera nkhungu yakuda ngati mwaye. Mwaye umenewu umatchinga dzuwa, ndiye tsamba limalephera kupanga chakudya monga tinaphunzirira ku Biology. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa thunthu, dziwani kuti zikutsata timadzi tomweto, ndipo zimathamangitsa adani a tizilomboti. Dulani nthambi zokhudza pansi kapena denga kuti nyerere zisowe milatho.

Madontho ofiirira ndi kaukonde kunsi kwa tsamba: ameneyu ndi kangaude wamng'ono kwambiri, wovuta kumuona ndi maso. Amachuluka kukatentha ndi kukachita fumbi. Gwedezerani tsamba pa pepala loyera la kope, muona timadontho tikuyenda. Kutsuka masamba ndi madzi kumamuchepetsa.

Dothi lomatidwa pa thunthu: chimenecho ndi chiswe. Chimakonda mtengo wofooka ndi ludzu kapena wabala. Gumulani dothilo, chotsani zitsa ndi nthambi zouma pafupi, ndipo thirirani mtengo.

Zipatso zoboola ndi zakugwa: musazisiye pansi, chifukwa mphutsi zimatulukamo n'kukakhwimira m'dothi. Zitoleni, muzikwirire m'dzenje lakuya masentimita 50, kapena muzimange m'jumbo yakuda n'kuisiya padzuwa.

5. Mankhwala a pakhomo

Ngati toyamwa tachuluka, sinjani masamba a nimu, muwaviike m'madzi usiku wonse, musefe ndi kansalu, n'kusungunuliramo kachidutswa kakang'ono ka sopo wamtanda. Wazani kunsi kwa masamba madzulo dzuwa litapepa. Yambani mwayesa pa nthambi imodzi, muone pakatha masiku 2 ngati masamba sanapse. Musaike sopo waufa chifukwa amawotcha.

Chenjezo lalikulu ndi ili: musapopere chilichonse mtengo uli ndi maluwa. Njuchi ndi ntchentche zimene zimatera pamenepo ndizo zimanyamula mungu. Mukazipha, mtengo uchita maluwa mbwee koma zipatso ziii. Ndipo mankhwala ogula si ntchito ya ife ana. Agwire ndi akuluakulu, atafunsa alangizi ndi kuwerenga malangizo a pa botolo. Aja ogulitsidwa pamsika m'timabotolo topanda dzina, ayi ndithu.

6. Mbuzi

Tisaiwale mdani wa miyendo 4. Mbuzi imatha kamtengo m'kanthawi kochepa, komanso nayonso imadzipweteka. Masamba ndi makungwa a peyala ali ndi poizoni wotchedwa persin, amene amadwalitsa mbuzi, akalulu ndi mbalame. Choncho musadyetse ziweto masamba amene mwasadza. Mangirani kamtengo kampanda ka nsungwi kapena minga, ndipo pamwamba muikepo udzu pang'ono kuti dzuwa lisawotche khungwa lake lanthete.

Ntchito ya kunyumba

Paja akulu amati m'mera m'poyamba. Loweruka likubwerali, musanapite kumpira kapena kuchigayo, tengani mphindi 10 muzungulire mtengo wa kwanu. Onani pamwamba pa tsamba, onani kunsi kwake, onani thunthu, kenako gwirani dothi. Lembani zimene mwapeza m'kope. Amene mupeze zachilendo, thyolani tsamba limodzi mubwere nalo Lolemba, tidzawaonetse aphunzitsi a Agriculture nthawi ya buleki. Mukatero mudzakhala ndi chowauza makolo asanatulutse ndalama ya mankhwala, ndalama imene ikanakugulirani kope.

Wolemba ndine mnzanu wa Fomu 2